Benchi la Odwala Mtima

"Ndanena kale kuti ndikawanong'oneza adokotala. Kapena mukufuna ndikakwere pachulu ndi ng'oma?"

Anastasia anayankhula osayang'ana mwamuna wake. Anali kupeta mapira pafupi ndi nkhokwe, ndipo lichero linkamveka laukali kuposa mawu ake.

"Sindikunena za adokotala okha, amake Ennie," anatero Jairos, akupala mpini wa khasu. "Ndikunena za kwa Langford. Mnyamata uja akwatira mwana wathu mvula ikatha. Adzamva liti kuti mkazi wake ali ndi vuto la mtima? Tsiku limene adzakomoke kuchitsime?"

"Ennie sanakomokepo."

"Sanakomokepo chifukwa mtsuko waukulu mumasenza ndinu. Mudzi wonse umakuyamikirani kuti ndinu mayi wokonda mwana."

"Nanga sindine?"

"Ndinu. N'chifukwa chake ndikuopa."

Anastasia anaika lichero pansi.

"Chilungamo chanu ndinachiona kale, atate ake Ennie. Tili ku Jumbe munapita nacho kwa makolo a Benson, chibwenzi chake choyamba chija, mutachinyamula m'manja awiri ngati dzira. Benson anabweranso? Amake anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti mwana wa Jairos adzafera pa mimba yoyamba. Tinasamukira kuno ku Kakumbi chifukwa cha pakamwa pa mayi ameneuja. Manje Mulungu watipatsa gemu gadi, mlonda wa nyama zakutchire, mnyamata wa yunifomu, wa ntchito ya boma, ndiye inu mukufuna mukamuthamangitsenso?"

"Ndikufuna adziwe chimene akutenga."

"Akutenga munthu, osati mbuzi yoti ayambe waiyang'ana m'kamwa."

"Za m'kamwa zomwezo ndi zimene zatikhazika pano."

M'nyumba munamveka kubuula. Ennie, mwana wawo yekhayo, mtsikana wa zaka pafupifupi makumi awiri, anali atagona pamphasa tsaya litatupa ngati wabisamo mango. Dzino lake lam'mbali linabooka kalekale, koma sabata imeneyo linali litaganiza zoti aliyense adziwe.

Jairos anatsitsa mawu.

"Mukukumbukira zimene ananena dokotala uja ku Chipata, kukadali Fort Jameson? Anati matenda aja otupitsa mawondo ali wamng'ono anasiya kachitseko ka mumtima mwake kali kokumbika. Anati m'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo, ndipo dzino likazulidwa timalowa m'magazi. Kwa inu ndi ine timangodutsa. Kwa Ennie timapeza pokhala. Ayambe jekeseni wa penisilini, dzino pambuyo. Anabwereza kawiri."

"Ndinalipo. Makutu ndinali nawo."

"Ndiye mwavomereranji kuti amake Langford apite nanu mawa?"

"Ndikanawakaniza bwanji? Asewere anga apempha okha kuti aperekeze mpongozi wawo. Ndiwauze kuti khalani kwanu, tili ndi chobisa? Iwo akakhala panja. Ine ndikalowa ndi mwana, chitseko chikatsekedwa, ndikanena. Basi."

"Musakaiwale."

"Ndingaiwale mwana wanga?"

Ndipo sanaiwaledi. Pa zonse zimene zinachitika pambuyo pake, kuiwala panalibepo.

Zinali zaka zija tsidya la Luangwa likadali gemu rizevu, pamene nyama zinali ndi alonda ambiri kuposa anthu odwala. Kachipatala ka mishoni kanali ndi zipinda ziwiri ndi khonde, ndipo tsiku lozula mano linali Lachinayi. Wozula anali a Josiah, amene sanali dokotala weniweni, koma m'chigwa aliyense wogwira singano anali dokotala. A Josiah anali munthu wadongosolo. Ankadziwa kuti jekeseni wa odwala mtima amafuna nthawi kuti ayende m'thupi dzino lisanagwidwe, choncho pofuna kuti mzere usamaime, ankayamba ndi kusankha anthu. Pakhonde panali mabenchi awiri, lalitali ndi lalifupi.

Anastasia, Ennie ndi Florence, amake Langford, anakhala pa lalitali. Florence anali mayi wamkulu thupi, woseka ndi mapewa onse. Mpango umene Ennie anamanga tsaya unali watsopano, womugulira Florence yemweyo.

"Muli bwanji nonse?" anatero a Josiah potuluka, akupukuta m'manja. "Mvetserani. Aliyense amene anauzidwa kuchipatala chachikulu kuti ali ndi vuto la mtima akhale pabenchi lalifupili. Ayamba walandira jekeseni. Enanu khalani pomwepo."

M'chigwa monse munalibe munthu wokana jekeseni. Anthu ankayenda mitunda kukamupempha, ndipo wopatsidwa mapilitsi ankabwerera akudandaula kuti wanyozedwa. Choncho woyamba kudzuka anali nkhalamba ina, a Japhet, amene anaiwala ndi ndodo yawo yomwe.

"A Japhet, inu za mtima munazimva kuti?"

"Unaduka chaka chatha, adokotala, njovu zitandidyera mapira onse."

"Jekeseni wa matenda amenewo ali kwa a gemu. Bwererani."

"Musanamizire a gemu, a Japhet!" anafuula Florence. "Njovu zinkadya mapirawo inu mutagonera mowa pansanja. Mkonono wanu tinkaumva kukampu ya magadi!"

Khonde lonse linaseka. Kusekako kusanathe, mayi wina wowonda, wobereka khanda, anadzuka mwakachetechete nakakhala pabenchi lalifupi. Maso onse anamuperekeza. Florence anapendekera kwa Anastasia.

"Taonani uyo, asewere. Chisoni. Mwamuna wake anangokwatira maliro ameneyo. Ine ndinamuuza Langford, iwe ntchito yako ndi ya m'tchire, umachoka masabata, ufunika mkazi woti akhoza kuthamangitsa njovu yekha. Nditamuona Ennie ndinati basi, ndapumula."

Ennie anali atayamba kale kudzuka. Anastasia anagwira nsonga ya chitenje chake cham'munsi, pakati pa miyendo yawo, pamene panalibe woona. Sanakoke mwamphamvu. Ennie anayang'ana amayi ake. Amayi ake anayang'ana mtengo wa mango umene unali pabwalo. Mtsikanayo anakhalanso pansi.

"Ukufuna kukataya madzi, mwanangu?" anafunsa Florence.

"Mwendo wachita dzanzi chabe," anayankha Anastasia.

M'kati ndikanena, anadziuza. Chitseko chikatsekedwa, ndikanena, adzamubaya, tidzadikirira m'katimo.

Dzina la Ennie litaitanidwa, anadzuka atatu.

"Khalani pano, asewere, mupume," anatero Anastasia.

"Ndipume ndabwerera chiyani? Inu simungapirire kuona magazi a mwana wanu. Mutu ndimugwira ndine." Florence anali atalowa kale, ndipo chitseko anatseka yekha.

M'chipindamo munali kununkha mankhwala ndi palafini. Zitsulo zinali kuwira m'kapoto pasitovu. A Josiah anamukhazika Ennie pampando, nayang'ana m'kamwa, nagwedeza mutu.

"Ili latha ntchito. Palibe za mtima, eti? Kupuma movutika, kutupa mawondo ali mwana?"

Ennie anali atayasama, chala cha a Josiah chili m'kamwa. Florence anali atamukumbatira mutu pachifuwa pake, akumusisita pachipumi. Onse awiri, dokotala ndi sewere, anatembenukira kwa mayi wa mwana.

"Palibe," anatero Anastasia.

Dzino linatuluka mosavuta. Florence anapukuta magazi pachibwano cha Ennie ndi nsalu yake yomwe, ndipo njira yonse yobwerera anamugwira dzanja.

Madzulo Jairos anabwera kuchokera kumunda kumene ankakonza nsanja yolonderapo njovu. Asanatule nkhwangwa anafunsa.

"Analandira?"

"Analandira."

"Ennie, unawawa jekeseniyo?"

Ennie anali ndi thonje m'kamwa. Anayang'ana amayi ake kanthawi, kenaka anagwedeza mutu kuvomera. Thonjelo linamuthandiza. Sanafunike kunama ndi mawu.

Bala linapola bwino. Tsaya linaphwa, Ennie anayambanso kuseka, ndipo Anastasia anayamba kuganiza kuti mwina madokotala a m'tauni amangoopseza anthu kuti aoneke ophunzira. Anafika mpaka poimba nyimbo posinja. Koma mwezi usanathe, Ennie anayamba kutentha thupi. Sikunali kutentha kwa malungo kumene kumagwetsa munthu lero, mkuja n'kumusiya. Uku kunkabwera pang'onopang'ono dzuwa likapendeka, m'mawa mphasa n'kupezeka yonyowa ndi thukuta. Anasiya kudya. Kuchoka pakhomo kufika pankhokwe ankaima panjira kuti apume.

Tsopano mkangano unatembenuka, aliyense anakhala pampando wa mnzake.

"Tipite naye ku Chipata," anatero Anastasia m'mawa wina.

"Ku Chipata chifukwa cha malungo? M'chigwa muno ndani alibe malungo mwezi uno?"

"Mapilitsi a malungo wamaliza, thupi likadali moto. Taonani timadontho tofiira m'manjamu."

"Nsikidzi. Ndinanena kuti mphasa ija muiyanike."

"Dokotala uja anati akadzatentha thupi atazula dzino tidzathamange naye."

"Anaterodi. Koma tiyeni tiganize bwinobwino, amake Ennie." Jairos ankakonda kuyala nkhani pazala, chala chimodzi mfundo imodzi. "Tizilombo timakhazikika ngati jekeseni palibe. Jekeseni analandira. Ndiye tizilombo tinafa. Ngati tinafa, si mtima. Ngati si mtima, ndi malungo. Ndalakwitsa pati?"

Anastasia anayang'ana zala zisanuzo. Khoma lonse linali lowongoka, kupatula mwala umodzi wapansi, ndipo mwalawo anauika yekha.

"Simunalakwitse," anatero.

"Komanso tipita pa chiyani? Basi imathera ku Jumbe. Mwanayu mumubereka mpaka kumeneko, kutentha kumeneku? Tidikire. Malungo a chaka chino ndi ouma mutu, atero anthu onse."

Florence ankabwera pafupifupi tsiku lililonse kuchokera kukampu ya magadi, lero ndi msuzi wa nkhuku, mawa ndi nsomba. Ankakhala pambali pa Ennie, akumukupizira ndi lichero. Tsiku lina atatuluka panja anayamba kulira.

"Asewere, ine sindikugona. Mwina ndinamupanikiza mutu kwambiri tsiku lija. Manja angawa ndi olimira, sadziwa kugwira mwana wa eni. Asanapite nane anali bwino, dzino lokha. Langford akadzamva kuti ndamupwetekera mkazi ndidzati chiyani?"

"Ayi, asewere, musatero. Inu mulibe mlandu."

"Mukunena zoona?"

"Zoona zenizeni," anatero Anastasia, ndipo anazindikira kuti m'masabata onsewo amenewa ndiwo anali mawu oona oyamba kuuza mayiyu. Anamupukuta misozi, namuperekeza mpaka pamsewu.

Masana a tsiku lotsatira kunatentha mpaka nkhuku zinayasama. Jairos anali kumunda. Anastasia anamutulutsa Ennie namugoneka pansi pa mtengo, akumupukuta khosi ndi kansalu konyowa. Kumadzulo, pamwamba pa mapiri a Muchinga, mitambo inali itayamba kuunjikana.

"Amayi, mwaiona mitambo?"

"Ndaiona."

"Ikagwa yoyamba, dothi lakuda lija limeza msewu mpaka Epulo."

"Usayankhule kwambiri, upume."

"A Langford anati galimoto ya kampu, Landirova ija, ikwera ku Chipata mawa komaliza, kukatenga phoso la magadi. Ikabwerako basi."

"Ndiwauza atate ako akapemphe malo."

"Bwana wawo salola wodwala malungo. Amati akalola mmodzi, chigwa chonse chikwera."

Anastasia anaviika kansalu m'madzi, nafinya, naviikanso.

"Ine sindinena, amayi," anatero Ennie, akupuma pakati pa mawu. "Ndinagwedeza mutu tsiku lija. Ndinakhalanso pansi ndekha, simunandimange chingwe. Nanenso ndinkawafuna a Langford. Ndili momwemo. Koma ndikufunseni chimodzi. Mwandisungira mwamuna, zikomo. Nanga mwamunayo mukumusungira ndani?"

"Usayankhule choncho, Ennie."

"Ndikagona chammbali ndimaumva mtimawu. Kale unkamveka ngati munthu akupeta kutali. Manje ukuthamanga ngati pali wina akuupirikitsa."

"Ndinkafuna usakhale wosekedwa, mwanangu. Unaona mmene anamuyang'anira mayi uja pabenchi."

"Ndinaona. Dzulo ndinawafunsa apongozi za iyeyo. Akuti anamuona kumtsinje, akuchapa matewera, akuimba."

Kansalu kanagwera m'mbale. Anastasia sanakatolenso. Anakhala chomwecho mpaka mthunzi unachoka pamphasa.

M'mawa mwake Langford anabwera ndi amayi ake. Anali atavala yunifomu, chifukwa nayenso ankakwera ku Chipata kukalondera katundu. Monga mkamwini wodziwa mwambo, anatsika njinga patali, nakhala pakampando kuseri kwa nkhokwe, atatembenukira kumbali kuti maso ake asakumane ndi a apongozi ake aakazi. Chiyambire chibwenzi, iye ndi Anastasia anali asanayankhulanepo maso ndi maso. Akafuna kuthokoza chakudya, mawu ankadzera mwa Jairos. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire.

Anastasia anagwada pakhomo la nyumba, kutali, monga kunayenera.

"Ndinayesa kuwapempha abwana, atate," anatero Langford kwa Jairos, chipewa chili pabondo. "Anafunsa kuti akudwala chiyani. Nditati malungo, anatsegula kabati n'kundipatsa awa." Anatulutsa kapepala kokulunga mapilitsi, nakapereka ndi manja awiri.

"Zikomo, mwanangu. Wayesetsa. Achira ameneyu."

"Galimoto idutsa pamsewu cha m'ma teni koloko. Ngati pali choti ndikagule ku Chipata, auzeni amayi anene."

"Amake Ennie," anatero Jairos mokweza, ngati kuti mkazi wake anali tsidya la mtsinje, "mkamwini akufunsa ngati pali choti akagule."

Anastasia anadzuka. Anadutsa bwalo lonse, anadutsa mwamuna wake, anazungulira nkhokwe, nakaima kutsogolo kwa Langford, pafupi moti akanatha kumugwira paphewa. Mnyamatayo anadzambatuka, chipewa chinagwa, ndipo anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna mtengo wokwera.

"Asewere!" anafuula Florence. "Mwatani?"

"A Langford, ndiyang'aneni."

"Amayi, pepani, sindingathe..."

"Ndiyang'aneni. Ulemu womwewu ndi umene watifikitsa pano."

Langford anakweza maso pang'onopang'ono.

"Ennie sakudwala malungo. Ali ndi vuto la mtima kuyambira ali mwana. Anayenera kulandira jekeseni asanazule dzino. Sanalandire. Ankadzuka kuti apite pabenchi lija, ine ndinamugwira chitenje. Adokotala atafunsa, ndinati palibe. Atate ake atafunsa, ndinati analandira. Tizilombo ta m'kamwa tili mumtima mwake tsopano, ndipo mapilitsi anuwo sangatichotse. Pitani mukawauze abwana anu. Mawu omwewa, musachotsepo."

Jairos anali kuyang'ana zala zake, chimodzichimodzi, ngati wina wamusinthira usiku.

"Ndinakufunsani kuti ndalakwitsa pati," anatero motsitsa. "Munati sindinalakwitse."

"Ndinatero."

"Masabata onsewa ine ndikuyanika mphasa, kusaka nsikidzi."

Florence anayandikira, manja ali m'chiuno, koma mawu ake anatuluka aang'ono.

"Munkaopa ine?"

"Munati mwamuna wa mayi uja anakwatira maliro."

Florence anagwira pakamwa pake.

"Ndinanenadi. Pakamwa pangapa sipadikira mutu. Mulungu andikhululukire, ndinanena." Kenaka mawu anakula. "Koma inu, munandisiya ndimugwire mutu! Ndi manja angawa! Ndinamupanikiza kuti asagwedezeke, inu muli poteropo mukudziwa. Ndabwera pano kulira kuti ndapweteka mwana wa eni, inu n'kumandipukuta misozi. Munali kundiona ngati chiyani?"

"Ngati munthu wabwino. Ndi chimene chinkandipweteka."

"Musandiyamikire, ndakupemphani."

Langford anatembenukira kwa Jairos.

"Atate, akafika ku Chipata achira?"

"Dokotala anati tikafika naye msanga. Msanga wake unali uti, sindikudziwanso."

Mnyamatayo anathamangira njinga. Chipewa chake chinatsala m'fumbi, ndipo palibe amene anachitola.

Landirova sinaime pamsewu. Inakhota, inadutsa m'munda wa chinangwa, n'kudzaima pabwalo penipeni. Kumbuyo kunali migolo yopanda kanthu ndi magadi awiri. Langford anali atayala matumba pakati pa migoloyo. Iye ndi Jairos anamunyamula Ennie namugoneka pamenepo.

"Wodwala mmodzi, womudikirira mmodzi," anatero dalaivala. "Atero abwana. Fulumirani, mitamboyi sindikuikhulupirira."

Anastasia anali atamanga kale mtolo: bulangeti, kapu, kapoto, ufa ndi mpango watsopano uja. Anaponda chitsulo chokwerera.

"Amayi."

"Ndabwera, mwanangu."

"Kumeneko akafunsa mafunso ambiri." Ennie anapuma. Sankayang'ana amayi ake mwaukali, ankangooneka wotopa. "Apite atate."

Anastasia anakhala kanthawi phazi limodzi lili m'mwamba. Kenaka analitsitsa. Anapereka mtolo kwa Jairos, amene anaulandira osamuyang'ana.

"Muli kapu yake m'katimo," anatero. "Sakonda kumwera ya ena."

Galimoto inabwerera m'munda wa chinangwa muja, inalowa mumsewu, fumbi n'kuitseka. Florence anatola chipewa cha mwana wake, anachikuntha, napita kwawo osatsazika. Mvula inagwa tsiku lachiwiri lake, ndipo dothi lakuda linameza msewu monga ananenera Ennie. Landirova inabwerako mochita kukankhidwa, ndipo Langford sanali m'menemo.

Anastasia anadzala yekha. Analondera njovu yekha pansanja imene mwamuna wake anakonza. Uthenga wochokera kumtunda unkadzera pa wailesi ya kukampu basi, ndipo kukampuko analibe nkhope yopitira.

Mapira atafika m'mawondo, Florence anatulukira masana ena, matope ali mpaka m'akakolo. Anaima m'mphepete mwa bwalo.

"Mwaswera bwanji, amake Ennie?"

"Ndaswera, kaya inu. Fikani, ndiyale mphasa."

"Musavutike, sindikhalitsa. Wailesi yalankhula. Ali moyo."

Anastasia anakhala pansi pomwe anaimapo, mphasa ili m'manja.

"Kutentha kwatsika, wayamba kudya. Akumubaya penisilini m'mawa, masana, madzulo, ndi pakati pa tulo akumudzutsa. Akuti anamwino asowa pobaya. Munamupulumutsa ku jekeseni mmodzi, manje walandira oti akanakwanira a Japhet ndi mudzi wawo wonse." Florence sanaseke. "Koma akuti kachitseko kaja kaonongeka kuposa kale. Mtsuko, ngakhale waung'ono, sadzasenzanso."

"Ndidzasenza ndine."

"Ndikudziwa."

Anastasia anafuna kufunsa funso lina. Anachita manyazi kuti funsolo likadali ndi moyo mwa iye, koma linatuluka.

"Nanga a Langford?"

"Langford anapempha kuti amusiye ku ofesi ya ku Chipata mpaka mvula ithe. Sanandifunse ine. Akuti za ukwati adzakambirana awiriwo, Ennie akadzuka. Akuti ife akuluakulu tayesa kale mbali yathu."

Florence anakonza chitenje, natembenuka kuti azipita.

"Zikomo, asewere," anatero Anastasia.

Mayiyo anaima, koma sanacheuke.

"Dzina limenelo lisungeni kaye. Inu mumatha kusunga zinthu."

Anastasia anamuyang'ana mpaka anazimiririka m'mapira. Kenaka anabweza mphasa m'nyumba, nasenza mtsuko waukulu. Kuchitsime anapezako amayi awiri a tsidya lina la mudzi, amene nkhani yonse inali isanawafike. Anamupatsa malo kuti atunge poyamba.

"Taonani mmene waondera ndi nkhawa," anatero mmodzi kuuza mnzake, mokweza kuti mwiniwake amve. "Ana onse akanakhala ndi mayi wotere."